Nyambo ya Patsinde pa Msolo

Sunthirani kuno, ndipo amene wabereka mwana amangitse mbereko. Nkhaniyi ndi ya Lusiyano Makwinja, mkamwini amene anakwatira m'mudzi wina kumunsi kwa minda ya tiyi ku Thyolo. Kwawo kunali ku Phalombe, chakufupi ndi nyanja ya Chilwa, choncho mbedza anachita kubadwa nayo m'manja. Iye ndi mkazi wake Dolika anali ndi mwana mmodzi wa miyezi inayi, dzina lake Ndaziona, komanso ng'ombe imodzi ya mkaka. M'mawa uliwonse Lusiyano ankakama ng'ombeyo n'kupalasa njinga kukasiya mkaka komwe alimi amausonkhanitsa. Anali munthu waulemu, wosayankha akulu, wosaledzera. Chilema chake chinali chimodzi chokha: sankafunsa. Akaona chinthu, mumtima ankangoti ndachidziwa kale.

Chaka chimenecho dzuwa la Okutobala linapsa mtima. Masiku ena mkaka unkasasa asanafike, ndipo ankabwerera nawo. Anzake mkaka wotere ankangomwa ngati chambiko kapena kupatsa nkhumba, koma Lusiyano anali ndi nzeru ina imene anaphunzira kwa mkulu wina amene kale anali khukhi kuesiteti ya tiyi. Ankausiya mkakawo kuti ugwirane, n'kuuthira m'kansalu, n'kuupachika kuti madzi onse akhe. Zotsalazo, zimene mkulu uja ankazitcha tchizi, ankazikanya ndi ufa wa mgaiwa pamodzi ndi tithonje pang'ono kuti zisamachoke pambedza. Nyambo imeneyo milamba inkaifera.

Kuipanga sikunali kovuta. Nkhani inali posunga. Nyamboyo imafuna masiku atatu pamalo ozizira kuti ivunde bwino, ifike ponunkha mpaka mlamba wa kutsidya utembenuke. Akaiika padenga, dzuwa linkaiumitsa n'kung'ambika ngati chidendene. Kukhitchini makoswe ankachita nayo phwando. Tsiku lina anaibisa kunsi kwa bedi, ndipo mlamu wake Gasiteni, mchimwene wa Dolika, anaima pakhomo atagwira mphuno.

"Alamu, anthu akufunsa ngati m'nyumba muno mwafera galu. Tikayitane adzukulu?"

Dolika sanaseke. "Bambo a Ndaziona, musankhe lero," anatero. "Muno mugona nyambo yanuyo kapena tigona ine ndi mwana."

Kumunsi kwa mudziwo mtsinje unkapanga dziwe lakuya la madzi akuda. Amayi sankachapa pamenepo, ana sankasambirapo, ndipo njira yopitako inali itamera udzu. Lusiyano ankawedza padziwelo yekhayekha ndipo ankakondwa kuti palibe womupikisa. Chifukwa chimene anthu sankafikirako sanachifunse. M'mbali mwa dziwelo munali msolo waukulu, ndipo pakati pa mizu yake panali kamphako kozizira, pansi pake mchenga wonyowa. M'kamphakomo munali mapale akalekale ndi timikanda toyera tingapo. Iye anangozikankhira pambali ndi dzanja, nati malo ndawapeza.

Mawa lake masana anatsika ndi kambiya katsopano kodzaza nyambo. Pamwamba pake anawaza ufa woyera kuti isamatirire kutsamba la nthochi lomwe anavundikira, namanga ndi luzi. Atafika pamsolo anavula masilipasi chifukwa cha matope. Anavula chipewa chifukwa nthambi inkachikola. Kamphako kanali pansi, choncho anagwada maondo onse awiri n'kulowetsa kambiya ndi manja awiri. Kenako anaona kuti m'manja muli ufa, ndipo ali chigwadire anaomba m'manja katatu kuti ufawo uchoke.

Nyenje zimene zinkalira mumtengomo zinasiya zonse kamodzi. Lusiyano anayang'ana kumwamba, anavala chipewa chake, nabwerera kumudzi akuimba mluzu.

Patatha masiku atatu anapitanso ndi mbedza. Mfundo ya luzi inali yomwe ija, yake, yomanga kawiri monga amangira a kunyanja. Tsamba silinabooke. Koma atavundukula anapeza kuti pamwamba pa nyambo padutsa zala zitatu, zazitali, zowonda, monga mmene munthu amatapira chiponde. Anaganiza za mbewa. Anaganizanso kuti mbewa simasula luzi n'kumanganso. Kenako mbedza yoyamba inakokedwa mwamphamvu, ndipo maganizo onsewo anapita ndi madzi. Tsiku limenelo anakwera mtunda thumba litadzaza milamba, ina yotalika ngati mkono.

Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Lusiyano anachita chizolowezi: Lolemba kukasiya kambiya, Lachinayi kukatenga. Nthawi zonse ankagwada, ankaomba ufa m'manja, ndipo nthawi zonse ankapeza zala zitadutsamo, sabata ino zitatu, sabata yamawa zochulukirapo. Ankangosalaza ndi chala chake chachikulu n'kukolowola nyambo yonse mpaka pansi.

Choyamba kusintha inali ng'ombe. M'mawa wina anapeza mabere ake ali ophwa, nsonga zake zili zonyowa, ng'ombeyo ikubzikula mwamtendere ngati yakamidwa kale ndi munthu amene imamudziwa. Anakama, natulutsa theka la zamasiku onse. Galu wawo, yemwe ankagona pakhomo la khola, anasamukira kuseri kwa bafa ndipo ankakana kuyandikira ngakhale amuponyere mutu wa mlamba. Chikho cha pamtsuko chinasowa. Dolika anachifuna nyumba yonse, ndipo Lusiyano ndiye anakachipeza panjira ya kudziwe, chotsukidwa bwino, chovundikiridwa pamwala.

Anaganiza kuti pali wakuba. Madzulo anawaza phulusa kuzungulira khola ndi mkati momwe kuti aone mapazi. Kutacha sanapeze phazi ngakhale limodzi. Chimene anapeza, pambali pa ng'ombe, pamalo pamene iye amakhala pokama, chinali timaenje tiwiri tozungulira paphulusa, monga pamene munthu wagwada. Kumbuyo kwake kunali tiwiri tina, ndi tiwiri tinanso, kundandalika mpaka pakhomo la khola. Anatenga tsache n'kusesa Dolika asanadzuke.

M'mawa womwewo anamanga chigubu cha mkaka pakaliyala n'kunyamuka. Dzuwa linali litatuluka kale, ndipo kutali anthu otchola tiyi ankaoneka ndi madengu awo. Pamene njira imatsika pakati pa minda iwiri, anaona munthu atakhala m'mbali atatambasula miyendo, atafunda nsalu yakuda mpaka kumutu, kutentha konseko. Sanathe kudziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Anachepetsa liwiro monga mwa ulemu wake.

"Mwadzuka bwanji, agogo?"

"Tadzuka, mkamwini," anayankha munthuyo. Mawu ake anali apansipansi, osakwiya. "Ife tinali chete. Mwatiitana ndinu. Tsono tikati tinyambite, mwabwera kale kudzalanda. Kwanu amatero?"

Njinga inali itadutsa kale. Lusiyano anagwira mabuleki n'kucheuka. Panali tiyi yekhayekha, wodulidwa bwino, ndi fungo la nyambo yake lili tolo panjira. Atafika kosiya mkaka anamasula mphira imene anamangira chivindikiro, ndipo m'chigubu munali mouma ngati simunalowepo kanthu.

Apa munthu wina akanathamangira kwa eni mudzi. Koma mkamwini amaopa kusekedwa kuposa kufa, ndipo Lusiyano anaona kuti nkhaniyo aithetsa yekha. Masana omwewo anatsikira kudziwe, anasolola kambiya ataimirira, anakhuthulira nyambo yonse m'madzi, natsuka kambiyako ndi mchenga. Anabwera nako kunyumba n'kukavundikira pathandala. Mumtima anati zatha, palibenso chowaitanira. Safunsa anadya phula.

Patapita masiku awiri ng'ombe inaumiratu. Tsiku lachitatu Dolika anakhala pakhonde akusinthasintha mwana, bere ili, bere ilo, mwana akukoka n'kusiya, akukoka n'kulira.

"Palibe chikutuluka," anatero.

Dolika anamuphikira phala la nsinjiro. Anamugulira thobwa. Kuchipatala anamuyeza Dolika osapeza matenda, ndipo anamulangiza kuti azidya mokwanira, azimwa madzi ambiri, aziika mwana kubere pafupipafupi. Zonsezo anachita. Anayesa mkaka wa m'chitini, koma mwana ankausanza. Mayi wina woyandikana nawo anabweretsa mkaka wa ng'ombe yake wongokama kumene, anauwiritsa, ndipo pamene ankauuzira kuti uzizire unagwirana m'kapu momwemo, maso a anthu akuona. Mayiyo anatenga kapu yake n'kuchoka osatsanzika.

Pofika tsiku lachisanu liwombo la Ndaziona linali litalowa. Kulira kwake kunasanduka kwa kamwana ka mphaka. Lusiyano ankamuyang'ana ndi mantha, chifukwa mwana wotere anamuonapo kwawo, ndipo ankadziwa kumene ulendo wake umathera.

"Chimene chikundidabwitsa," anatero Dolika, maso ali pamwana, "n'choti madzulo ndimamva mkaka ukubwera. Ndimaumva ndithu. Koma m'mawa ndimadzuka mabere ali ophwa, akuwawa, ngati ndayamwitsa mapasa. Chonsecho mwana sanayamwe."

Pamenepo Lusiyano anaulula. Ananena za kamphako, za mapale, za zala, za maondo a paphulusa, za munthu wa panjira. Gasiteni, amene anabwera kudzazonda mwana, anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiwire mlongo wake sanapeze nthabwala.

"Msolo wa kudziwe? Alamu, inu... Tiyeni kwa amalume."

Amalume a Dolika anali a Likoswe, mwini mbumba, komanso mkulu wa mpingo wa zaka zambiri. Anawapeza pansi pa mpeyala akusoka mphasa. Lusiyano anakhala pansi chapatali nafotokozanso zonse. A Likoswe sanasiye kusoka mpaka pamene anamva za kuomba m'manja.

"Munagwada?"

"Ndinagwada, amalume. Mphako yake ili pansi."

"Chipewa?"

"Ndinavula. Nthambi inkachikola."

"Ufa woyera pamwamba, m'mbiya yatsopano, ndi manja awiri." A Likoswe anaika singano pansi. "Mwana wa eni, amene anakuphunzitsani kuthira nsembe anakuphunzitsani bwino. Palibe chimene munaphonya."

"Sinali nsembe, amalume. Inali nyambo."

"Mukawauze iwowo zimenezo. Pamsolo paja ndi pamene makolo athu ankadyetsera akufa a mbumba ino. Womaliza kugwada pamenepo anali amayi anga, ine ndili mnyamata. Titalowa mpingo tinasiya. Anadandaula zaka zingapo, kenako anazolowera njala n'kugona. Inu mwawadzutsa, mwawalawitsa mkaka, chinthu chimene ali moyo sankachiona n'komwe. Mukawapatsa Lolemba, Lachinayi mwalanda. Ngakhale mwana wamoyo mungamuchite zimenezo?"

"Bwanji simunandiuze?"

"Munafunsa?"

Lusiyano anaweramitsa mutu. "Ndipanganso ina. Ndikaika lero lomwe, ndipo sindikatenganso."

"Mupanga ndi mkaka uti? Ndiponso inu sakukudziwani. Akudziwa dzanja lanu lokha, dzanja lolanda. Mkamwini salankhula ndi mizimu ya kuchikazi."

"Ndiye mupite ndinu, amalume," anatero Gasiteni. "Mwana akupita uyu."

A Likoswe anayang'ana pamphasa yawo. Zinkaoneka kuti akumva chisoni chenicheni. "Ine ndinalumbira pamaso pa mpingo," anatero. "Maondo angawa sangagwade pawiri. Ndipemphera. Madzulo ndibwera ndi anzanga tidzapemphere." Anatolanso singano, koma sanathe kuilowetsa pabango.

Dolika anali ataima kumbuyo kwawo nthawi yonseyi, mwana ali kumsana, ndipo palibe amene anamuona akubwera. Anatembenuka n'kuyamba kuyenda. Anadutsira kunyumba kwake, anatenga kambiya kaja pathandala, nalowera njira ya kudziwe. Dzuwa linali paliwombo.

Lusiyano anamutsatira. "Mayi a Ndaziona, m'kambiyamo mulibe kanthu."

"Ndikudziwa."

"Nanga mukawapatsa chiyani?"

"Ndi azigogo anga," anatero Dolika osacheuka. "Ine akundidziwa."

Atatsala pang'ono kufika, Dolika anamasula mbereko n'kumupatsa mwana. Ndaziona anali wopepuka ngati mtolo wa nsalu. "Inu muime pano. Musayandikire, ndipo chilichonse mungamve musayankhe."

Lusiyano anaima padzuwa. Anaona mkazi wake akuvula nsapato, akugwada pakati pa mizu, akubwezera mapale aja m'malo mwake limodzilimodzi. Anaika kambiya kopanda kanthu ndi manja awiri, naomba m'manja mwachikazi, mofatsa. Nyenje zinasiya. Ngakhale mtsinje unakhala ngati watsitsa mawu. Dolika anayamba kulankhula, ndipo Lusiyano ankangomva mayina, mayina a akazi amene sanawamvepo, wina pambuyo pa mnzake. Kenako Dolika ankakhala chete, mutu utapendekeka monga munthu womvetsera, n'kuyankha. Kawiri konse anapukusa mutu mwamphamvu. Kachitatu anamvetsera nthawi yaitali, mpaka thukuta la Lusiyano linadonthera pankhope ya mwana, ndipo pomaliza anagwedeza mutu kuvomera.

Udzu wa m'mbali mwa dziwe unagona pang'ono, malo angapo, popanda mphepo. Lusiyano anayang'ana kumapazi ake.

Dolika anabwera akuyenda bwinobwino, nkhope yake yosaonetsa kanthu. Anatenga mwana n'kumubereka. Njira yonse mwamuna wake, amene tsopano anali ndi mafunso odzaza mkamwa, anaopa kufunsa.

Atafika anakhala pamkeka pakhonde, anatsamira khoma, naika mwana kubere lakumanja. Ndaziona anakoka kamodzi mofooka, anakokanso, kenako maso ake anatseguka. Lusiyano anamva mwana akumeza. Anaona kamkaka kakutsika pakona ya kamwa mpaka kukhosi. Anakhala pansi pomwepo n'kulira ngati mwana, osasamala za Gasiteni amene anaima pabwalo atagwira pakamwa.

Mwana anayamwa mpaka bere linaphwa, ndipo anayamba kufunafuna ndi kamwa. Lusiyano anapukuta misozi natambasula manja kuti athandize kumutembenuzira kumanzere, monga ankachitira masiku onse.

"Ayi," anatero Dolika. "Lake ndi ilo. Adikire lidzazenso."

"Koma lakumanzereli ladzaza. Taonani, bulauzi yanyowa."

"Ili si lake."

Apa m'pamene Lusiyano anaona mmene mkazi wake anakhalira. Mkono wakumanzere unali utapindika pachifuwa, chikhatho chili m'mwamba, monga mmene mayi amachirikizira mutu. Pamkonopo panalibe kanthu. Koma mnofu wake unali utabonyeka, ndipo nsalu ya bulauzi inkakokeka pang'onopang'ono, n'kubwerera, n'kukokekanso. Ndaziona anali atasiya kuyamwa, akuyang'anitsitsa kumbali imeneyo ndi maso ake aakulu. Kumeza kunkamvekabe.

Galu anadzuka kuseri kwa bafa n'kutuluka pabwalo mchira uli pakati pa miyendo. Gasiteni anamutsatira.

"Mpaka liti?" anafunsa Lusiyano.

"Mpaka mwana adzaleke kuyamwa. Azigogo ankafuna mabere onse awiri."

Kumeza kuja kunasiya. Mkono wa Dolika unapepukidwa, unakwera pang'ono, kenako unatsikanso ndi kulemera kwina. Dolika analuma mlomo, natseka maso.

"Alipo angati?"

"Musawerenge, bambo a Ndaziona," anatero Dolika. "Kanditungireni madzi akumwa. Mubweretse ndi mtsuko womwe."